Nyama ya Lachitatu

A Labib anaima pa nsanjika yachitatu, anatsamira khoma n'kulengeza kuti apumira pomwepo.

"Tatsala pang'ono kufika pansi, Ababa," anatero Afaf, dzanja lake lili m'khwapa mwa bambo akewo. "Galimoto ikudikira."

"Idikire. Inenso ndadikira zaka makumi anayi kuti eni nyumba ino aike chikepe."

Masitepe omwewa ndi amene anayambitsa nkhani yonse. Mwezi wapitawo a Labib anaphonya sitepe imodzi potsika kuchokera kwawo ku nsanjika yachisanu, ndipo anagona pamenepo theka la ola akukalipira simenti mpaka anthu anawamva. Sanathyoke paliponse, koma kuyambira tsikulo mtima wa Afaf sunakhalenso m'malo. Ngati zimenezo sizinakwane, mwamuna wake Adly anamusamutsira ku Aswan, mzinda wakutali kwambiri, kuntchito kwake, ndipo banja lonse linayenera kunyamuka mwezi ukamatha. Mlongo wake wa Afaf wa ku Canada ankathandiza kwambiri ndithu, ndi malangizo a pa foni.

Zopita nawo ku Aswan a Labib anakana kwamtuwagalu. Ati sangakhale m'nyumba ya mkamwini amene sasiyanitsa nyama ya nthiti ndi ya mwendo. Choncho panatsala nyumba za okalamba. Ya masisitere a Chikatolika anaikana chifukwa misa yake imatha munthu usanakhazikike n'komwe pa benchi. Ya mpingo wina uja anaikana chifukwa amapemphera ndi gitala. Lero ankapita kukaona yachitatu, ya tchalitchi chawo chenicheni cha Chikoputiki, ndipo kunali bedi limodzi lokha lopanda munthu. Ikakanika imeneyi, Afaf anayenera kusankha: kusiya bambo ake pamwamba pa masitepe aja, kapena kulola mwamuna ndi ana kuti apite okha.

Pansi, pakhomo lolowera, Mitwalli wosita zovala anali pa tebulo lake, mimba itatsogola. Afaf ankamukumbukira munthuyu ali woonda ngati chingwe choyanikira zovala. Zaka zaposachedwazi ananenepa mpaka masaya kuwala, ndipo anthu a mumsewumo ankati ntchito yosita ili ndi phindu lobisika.

"Mwatchenatu lero, a Labib. Ulendo wa kuti?"

"Mwana wangayu akukandigulitsa."

"Pa kilo kapena wathunthu?"

"Mafupa okhaokha awa, angagule ndani? Mwina wofuna msuzi."

Mitwalli anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. Anayang'ana Afaf ngati wofuna kufunsa kanthu, kenako anawerama n'kupitiriza kusita malaya omwe anali atasita kale.

M'galimoto Afaf ankabwereza mumtima nzeru yake, ndipo kunena zoona ankadzitama nayo. Bambo ake anagulitsa nyama kudera lawo la Shubra moyo wawo wonse. Tchalitchi chawo chimasala masiku oposa mazana awiri pa chaka, Lachitatu ndi Lachisanu lililonse kuphatikiza nyengo zitalizitali zija, osakhudza nyama, dzira kapena mkaka. Kuyambira ali mwana Afaf ankamva bambo ake akudandaula kusala kukayandikira, akuti m'butchala mutsala iwo ndi ntchentche. Amayi ake atamwalira, dokotala anati a Labib magazi achepa, ansembe anawapatsa chilolezo chosasala, ndipo kuyambira pamenepo Afaf ankakwera nsanjika zisanu Lachitatu ndi Lachisanu lililonse atanyamula poto wa nyama. Potoyo ankabwerera woyera mbee. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi.

Munthu wotero ungamuuze bwanji kuti akakhale m'nyumba yotsatira kalendala ya kusala osaphonya tsiku? N'chifukwa chake Afaf anasankha tsiku mochenjera. Masiku makumi asanu a pambuyo pa Pasaka palibe amene amasala, ngakhale Lachitatu. Anaimbiranso foni Tasoni Verena, sisitere woyang'anira nyumbayo, kuwapempha kuti patebulo pasasowe nyama. Ankadziuza yekha kuti sikunama kumeneku, n'kungosankha choyamba kuonetsa.

Tasoni Verena anali mayi wamfupi wovala zotuwa, makiyi akulira m'chiuno. Anawaonetsa bwalo la mitengo ya mandimu, katchalitchi konunkhira lubani, ndi chipinda cha anthu awiri choyang'ana kumsewu. A Labib sanayamikire kanthu. Chikepe chokha ndicho anakwera kawiri, ulendo wachiwiriwo popanda chifukwa.

M'chipinda chodyera anawakhazika pa tebulo la azibambo. Mkulu wina wamtali, wa tayi ndi magalasi, anaimirira kuti apemphere, ndipo anapemphera mpaka mpunga unasiya kutuluka nthunzi.

"Awa ndi a Ramzi, anali mphunzitsi wamkulu," ananong'ona Tasoni. "Ndi amene muzigona nawo chipinda chimodzi. Pa nkhani ya kusala tonse muno timaphunzira kwa iwo."

A Labib anawayang'ana a Ramzi kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, nkhope yawo n'kumasuka koyamba tsiku limenelo.

"Aphunzitsi, tikudziwanatu. Theka la kilo la chiwindi."

"Pepani akulu, sindikukumbukira."

"Khomo lakumbuyo. Loweruka lililonse la kusala kwakukulu. Ndinkakulunga m'nyuzipepala, inu n'kuika anyezi pamwamba."

Tebulo lonse linasiya kutafuna. A Ramzi anakonza tayi yawo yomwe inali yowongoka kale.

"Chinali cha mphaka."

"Ee, ndikumukumbukira mphaka ameneyo. Ankafuna ndichidule mopyapyala, ndipo tsiku lina anatuma kudzafunsa ngati chimakoma ndi adyo."

Gogo wina wa kumapeto kwa tebulo anaseka mpaka anatsamwa, Tasoni anathamanga kukamumenya pamsana. Afaf ankafuna nthaka itseguke. Anakankhira mbale kwa bambo ake msangamsanga.

"Talawani nyamayi, Ababa. Mwaona mmene amadyera kuno?"

A Labib anadula kanthuli, anakayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kutafuna. Anatafuna nthawi yaitali, maso ali kudenga.

"Tasoni, wokugulitsaniyo amati ndi nyama yanji?"

"Amati ndi thole."

"Iyi ndi njati yoweta, mayi. Ndipo ndi yaikulu kwa ine. Mukanaipatsa bedi lijali."

Ulendo uno Tasoni nawonso anaseka, dzanja lili pakamwa. Afaf anayamba kupuma bwino. Bambo ake akamanyoza nyama ndiye kuti asangalala. Koma a Labib anapukuta pakamwa, anaika manja onse awiri pa ndodo yawo, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe Afaf, lero n'lachingati?"

"Lachitatu."

"Lachitatu, nyama patebulo. Lamulungu likudzali ndi Pentekoste. Lolemba kusala kwa Atumwi kuyamba. Nanga bwanji wandibweretsa lero, osati Lachitatu la sabata yamawa?"

"Ndi tsiku limene ndinapeza mpata."

"Mwana wanga, ine ndakhala ndikutsegula ndi kutseka butchala potsatira kalendala imeneyi. Ansembe akasokonezeka tsiku ankadzafunsa ine. Ndiye iwe ufuna kundibisira kusala?"

Poona kuti wagwidwa, Afaf anatulutsa chimene anasungira mapeto.

"Musadandaule, Ababa, ndakonza kale. Muli ndi chilolezo cha ansembe. Tasoni avomera kuti masiku osala azikuphikirani nyama padera, muzidyera kuchipinda kwanu."

"Kuchipinda."

"Inde, palibe amene adzakuvutitsani."

"Ndekha."

A Labib sananenenso nthabwala. Anaimirira pang'onopang'ono, anathokoza Tasoni mwaulemu umene Afaf ankaudziwa kuti ndi woopsa, n'kunena kuti tiye kwathu. Pachipata Tasoni anamugwira Afaf dzanja n'kumuuza kuti bedi alisunga mpaka Lachinayi la sabata yamawa, chifukwa pali banja lina likulifuna.

Anabwerera kunyumba. Pokwera masitepe a Labib anakana kugwiridwa mkono. Afaf anawafikitsa pakhomo, anatsika yekha, ndipo pofika pansi anali atayamba kale kukonza mawu oti akamuuze Adly. Anali wokhumudwa, komanso wokwiya, chifukwa sankaona chimene walakwa. Munthu wamukonzera nyama yakeyake, iye n'kuchoka ngati wamutukwana.

"Mayi Afaf," anaitana Mitwalli, atazimitsa simbi. "Ndi zoona kuti akusamuka?"

"Akana."

"Alhamdulillah," anatero Mitwalli, kenako anazindikira kuti wafulumira kuthokoza Mulungu. "Ndikutanthauza kuti, pepani. Ife tawazolowera. Mkazi wanga makamaka. Amati chiphikireni chake sanaonepo dzanja ngati lanu."

"Dzanja langa analiona kuti?"

"Makamaka nyama ya tomato ija ya Lachisanu. Ya Lachitatu nthawi zina mchere umapitirira, koma ife sitidandaula."

Afaf anamuyang'ana Mitwalli kumaso, kenako anatsitsa maso n'kuyang'ana mimba ija. Anakweza mutu. Pamwamba, pa khonde la nsanjika yachisanu, panalendewera dengu la chingwe limene bambo ake ankatsitsa pogula buledi ndi nyuzipepala.

"Chiyambire liti?"

Mitwalli anaona kuti pakamwa pamuperekeza. "Ine ndimaganiza mukudziwa. Inu mukangokhota pakona paja, dengu limatsika. Ife timadya, mkazi wanga amatsuka poto, n'kuikamo nyemba zawo, dengu n'kukwera."

"Chiyambire liti, Mitwalli?"

"Chimwalirire mayi."

Afaf anakweranso nsanjika zisanu zija osapumira paliponse. Anawapeza bambo ake pakhonde, atavula jekete, akuyang'ana magalimoto.

"Zaka zisanu ndi chimodzi, Ababa. Ndakhala ndikunenepetsa Mitwalli zaka zisanu ndi chimodzi."

A Labib sanadzidzimuke. "Wakuuza? Munthu ameneyu m'mimba mumasunga, koma pakamwa ayi."

"Ndimadzuka m'mamawa kukasankha nyama yabwino, poopa kuti muinyoza."

"Ndimaiona ndisanatsitse. Wayamba kudziwa kusankha. Chaka choyamba ankakubera."

"Nanga magazi anu? Dokotala?"

"Dokotala amandiyeza miyezi itatu iliyonse n'kumayamikira nyama yako. Akanamuyeza Mitwalli akanakupatsa mendulo."

Afaf anafuna kuseka, koma mkwiyo unali usanathe. Anakhala pa kampando kamene kanali ka amayi ake.

"Si inu nomwe munkadandaula kusala kukafika? Ndinkakumvani ndi makutu angawa."

"Ndinkadandaulira butchala, osati mimba yanga. Unandionapo ndikudya nyama Lachitatu mayi ako ali moyo? Tsiku lonse ndinkagwira nyama, madzulo ndinkasamba m'manja n'kukhala ndi iye pa mbale ya nyemba. Iye ankati zakoma, ine ndinkati zapsa, tinkakangana mpaka mbale kutha. Ndiye wamwalira, inu ndi ansembe anu mwagwirizana kuti ndisiye. Ndinayesa kamodzi. Sinatsike pakhosi."

"Bwanji osandiuza?"

A Labib anayamba kukulunga chingwe cha dengu padzanja, osamuyang'ana.

"Munthu amakwera masitepe awa chifukwa wanyamula poto. Ndikanakuuza kuti ndimadya nyemba za kwa Mitwalli, ukanati Ababa ali bwino, n'kumangoimba foni ngati mlongo wako."

Afaf anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma anadziwa kuti mwina n'zoona, ndipo zinamupweteka kwambiri. Pansi wogulitsa gasi ankamenya botolo lake ndi sipanala.

"Ndiye lero iwe wandipezera nyumba yodzaza anthu osala," anapitiriza a Labib, "n'kundikonzera kuti ine ndizikakhala kuchipinda ndekha ndi njati. Kudya ndekha ndimatha konkuno, ndipo kuno kulibe wopemphera mpaka mpunga kuzizira."

"Bedi alisunga mpaka Lachinayi."

"Ndinamva. Makutu sanagwe nawo pamasitepe. Tipite Lachitatu. Usaimbe foni. Ndikufuna ndikaone nyemba zawo."

Lachitatu linafika, kusala kutayamba. Afaf sanaimbe foni, ngakhale dzanja linkamuyabwa sabata yonse. Anapemphera chinthu chimodzi chokha, chimene sanaganizepo kuti angapemphe kwa Mulungu, kuti nyemba zikhale zokoma.

Pemphero lake silinayankhidwe. Nyembazo zinabwera zikusambira m'madzi otuwa, zina zitaphikika, zina zikadali ndi maganizo obwerera kumunda. Mchere unangodutsa patali. Afaf analawa supuni imodzi ndipo mtima wake unagwa. Anayamba kuganiza za sukulu ya ana, ndi mmene Adly adzakhalire yekha ku Aswan akudya mazira okazinga mwezi ndi mwezi.

A Ramzi anapemphera, mwachidule ulendo uno, diso limodzi lili pa a Labib. Atangoti amen, gogo wotsamwa uja anamenya mbale ndi supuni.

"Zayambanso zipolopolo."

"Dzulo zinali bwinoko," anatero wina.

"Dzulo inali mphodza, iwe. Sukuonanso?"

"Vuto ndi mandimu," analamula a Ramzi. "Ndanena kambirimbiri kuti mandimu azithira pomaliza."

A Labib anali akutafuna mwakachetechete, nkhope yosawerengeka. Atamva za mandimu anaika supuni pansi.

"Mandimu alakwa chiyani, aphunzitsi? Nyemba izi sanaziviike. Nyemba zimagona m'madzi, kenako ziphike pa moto wochepa, osazithamangitsa. Izi aziopseza chabe ndi moto."

"Ine ndadya nyemba zaka makumi asanu ndi awiri, akulu."

"Kupatula Loweruka."

Tebulo linaphulika ndi kuseka. Chitseko cha kukhitchini chinatseguka, ndipo panatulukira mayi wamkulu thupi, chipande m'manja, kufunsa kuti ndani akunyoza nyemba zake. Onse analoza mlendo. A Labib sanabwerere m'mbuyo. Anamufotokozera mayiyo za kuviika, za adyo, za chitowe ndi mafuta, mayiyo n'kuwauza kuti ngati ali odziwa chotero abwere mawa m'mawa adzaphikire okha anthu makumi atatu. A Labib anati abwera. Mayiyo anati tiona. A Ramzi anabwereranso ku mandimu awo. Gogo uja anatsamwanso.

Afaf anaika supuni pansi n'kumaonerera. Bambo ake anali atafiira makutu, akuloza ndi supuni, mawu akumveka mpaka kubwalo. Mawu amenewo anali asanawamve chimwalirire amayi ake, ndipo anali atawaiwala. Atayang'ana mbale yawo anapeza ili mbee, akuipukuta ndi buledi.

"Tasoni," anaitana a Labib, "chibadwire changa sindinadyepo nyemba zoipa chonchi. Zatsalako?"

Anawaonjezera. A Labib anadya theka, kenako anafunsa osakweza mutu, ngati wofunsa nthawi.

"Bedi lija ndi la kuzenera kapena la kukhomo?"

"La kuzenera."

"Chabwino. Afaf, mawa ubweretse zovala, chithunzi cha mayi ako ndi mipeni yanga. Wogulitsa njati uja ndikufuna ndidzamulandire ndekha kusala kukatha. Mitwalli umuphikire poto womaliza, wa tomato, umuuze kuti ndamutsanzika."

Afaf anangogwedeza mutu. Anawapsompsona bambo ake pamutu, iwo n'kumukankha pang'ono ndi chigongono kuti asawasokoneze, chifukwa gogo uja anali atayambitsa nkhani ya mphodza.

Ali pafupi kutuluka, anamva wina akumukoka mkono wa bulauzi. Anali a Ramzi, atamutsatira mwakachetechete mpaka pakhomo.

"Mwana wanga," ananong'ona, akuyang'ana uku ndi uku, "chilolezo chija cha nyama ya kuchipinda, usafulumire kuchifafaniza. Munthu wamkulu sadziwika, mwina tsiku lina angafooke. Ine monga mnzawo wa m'chipinda ndidzaonetsetsa kuti isatayike."

"Aphunzitsi," anafuula a Labib kuchokera patebulo, osatembenuka n'komwe, "mphaka uja akadali moyo?"

Afaf anatuluka akuseka, misozi ikutsika, mpaka mlonda wa pachipata anamufunsa ngati kwagwa zovuta. Anaima pansi pa mtengo wa mandimu n'kuimbira Adly kuti ayambe kufunafuna makatoni. Adly anafunsa ngati malowo ndi abwino, ngati chakudya chake n'chabwino.

"Chakudya chake n'choipa kwambiri," anatero Afaf. "Tamvera."

Anakweza foni n'kuiloza ku zenera la chipinda chodyera, kumene bambo ake anali akukanganabe.